Pakati pa Ennis ndi Jack, wamphamvu pa mnzake anali ndani?

Tsabola:
Anzanga amene munaonera Brokeback Mountain, filimu ija ya mu 2005, tandithandizeni. Mlongo wanga akuti Jack ndiye anali ndi mphamvu pa Ennis, poti anakwatira Lureen, mwana wa mkulu wogulitsa makina a ulimi ku Texas, ndipo ndalama sizinkamuvuta. Ine ndikukana. Amuna awiriwa anakumana koweta nkhosa kuphiri la Brokeback mu 1963, n'kuyamba kukondana, kenako n'kutha zaka zinayi osaonana, ndipo woyamba kutumiza khadi anali Jack. Woyendetsa galimoto mtunda wonse uja kupita ku Wyoming, kwa Ennis, analinso Jack yemweyo. Ennis ntchito yake kungonena kuti bwera mwezi wakuti, kapena ayi, kuntchito sindingachoke. Ndiye wamphamvu ndi uti, wandalama kapena wokana?

Nangondo wa ku Dedza:
Wokana, achimwene. Kumbukirani ukwati wa Ennis utatha. Jack atangomva analiza galimoto, mumtima akuti tsopano tikhalira limodzi pa famu ija ndakhala ndikunena. Kufika kuja, Ennis akuti ndili ndi ana anga. Munthu wamkulu anabwerera akulira. Mukati ameneyo ndi wolamulira?

Kadziwotche:
Nonse awiri mukumuweruza Ennis mopyola. Kukana kwakeko anali mantha. Ali ndi zaka 9, bambo ake anamutenga kukamuonetsa mtembo wa Earl, yemwe anaphedwa mwankhanza chifukwa chokhala ndi mwamuna mnzake. Zoterozo sizichoka m'mutu. Komanso Ennis anali wolembedwa ntchito m'mafamu a eni, ndalama yochepayo akupatulaponso yothandizira ana, ndiye kujomba kunali kuputa njala. Nanga Jack mukumutamayo si uja ankapita ku Mexico kukafuna amuna ena? Ennis mwamuna wina sanamuyang'anepo.

Tsabola:
A Kadziwotche, za Mexico ndavomera. Koma munthu amene ukumupatsa masiku owerengeka pa chaka, udabwa bwanji akamayenda? Ndipo malaya aja? Jack anaba malaya a Ennis kuphiri kuja, n'kuwabisa mkati mwa ake kunyumba kwa makolo ake zaka zonsezo. Ennis anadzawapeza Jack atamwalira kale.

Mai a Thoko:
Inu mukukangana za amuna awiriwa ngati munalibe anthu ena m'nkhaniyi. Alma, mkazi wa Ennis, anawaona ndi maso ake akupsompsonana, n'kungokhala chete, ana ali m'nyumba. Ankamuuza kuti tikupita kukawedza. Tsiku lina Alma anamangirira kakalata kunsonga ya chingwe cha mbedza, kopempha kuti abwereko ndi nsomba. Ennis pobwera akuti tinapha zambiri koma tadyera komweko. Mayi kutsegula bokosi la mbedza, kakalata kali pompo, kouma, madzi sikanawaoneko. Ine Ennis ndimamumvera chisoni, Jack nayenso, koma pa Alma onse awiri anali ndi mphamvu ndipo anaigwiritsa ntchito. A Tsabola, kawafunseni alongo anuwo kuti Alma akumuika pati.