Zakudya za ku Muscat zija, ndabwerako

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa zoti mlendo angadye chani ku Oman. Ndinatsatira malangizo oti ndikayende ku Mutrah (dera lina la mumzinda wa Muscat, likulu la Oman) madzulo, ndipo mishkak ija, nyama yowotcha pa timitengo yothira msuzi wa bwemba, ndi yokomadi abale. Ndinalawanso shuwa mu lesitilanti, nyama yophikidwa m'dzenje usiku wonse, yofewa zedi, koma eni ake amaiphika kwambiri pa Eid ndiye muzifunsa kaye ngati ilipo. Amene mukupita, idyani ndi dzanja lamanja, akakupatsani kahwa (khofi wawo) ndi zipatso za kanjedza landirani, ikakukwanani gwedezani kakapuko pang'ono apo ayi azingothirabe. Nthawi ya Ramadan musadye poyera masana.