Thandizeni a pagulu: bowa uyu ndi ndelema kapena chirombo?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse. A admin chonde ndibiseni dzina, bambo a kunyumba ali pagulu pomwe pano. Ine kwathu ndi ku Chikwawa, kuno ku Dedza ndinabwera ndi ukwati, ndiye bowa wa kumapiri kuno sindimudziwa. M'mawa uno mwana wa alamu anga amene timakhala naye anapita kokatola nkhuni m'munsi mwa phiri la Dedza, ndipo wabwerako ndi beseni lodzadza bowa. Iye akuti ndi ndelema, mayi ake amazula yemweyu kumudzi. Apongozi amene akanandiuza ali ku maliro ku Ntcheu, foni yawo sikupezeka.

Zithunzi ziwiri ndi izo. Chipewa chake n'choyera, pakati n'podera pang'ono, ndipo chikuterera mukachigwira. Kukula kwake ngati chikhatho. Ndinajambula pa Google Lens, pulogalamu ya pa foni yozindikira zinthu pa chithunzi, yandipatsa mayina atatu osiyana, lina akuti amadya, lina akuti amapha. Ndiwo zamadzulo ndilibe, ndipo bowayu ndi wambiri moti kutaya zikundiwawa. Ndiphike kapena ayi?

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Ndelema ameneyo asisi, osachita kufunsa. Tomato, anyezi, nsinjiro pang'ono, mundiitane kkkk.

Mayi wa ku Lobi:
Ndelema ndithu.

Achimwene a ku Lizulu:
Ine ndikuona ngati nyonzwe amene watambasuka kwambiri.

Mayi wogulitsa bowa pa Linthipe:
Achimwene a ku Lizulu, nyonzwe ameneyo ayi. Nyonzwe amamera pomwe pali chiswe, pakati pa chipewa amakhala ndi kansonga kolimba, ndipo ukamuzula bwino amatuluka ndi muzu wautali wolowa pansi. Koma inu mayi ofunsa, ine ndakulira mu bowa ndipo sindinganene kuti idyani. Mwajambula pamwamba pokha, ndiponso miyendo yake mwanayo wachita kudula ndi mpeni. Ife bowa sitimudziwira pamwamba. Timamutembenuza, timamununkhiza, timaona potulukira m'dothi, komanso timadziwa mtengo umene wamerapo. Mufunseni mwanayo, wazula pansi pa mitengo yanji?

Membala wobisa dzina:
Zikomo amayi. Akuti m'mphepete mwa mitengo ya paini, pomwe anthu amadutsa popita kuphiri.

Mayi wogulitsa bowa pa Linthipe:
Iii, ndiye ikani kaye beseni pambali. Ndelema ine ndimazula m'mitengo yachilengedwe, pa mombo ndi mchenga, cha ku Chongoni uko. M'mapaini sindinamuzulemo.

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Amayi inu mukungofuna azikagula kwa inu basi.

Mayi wogulitsa bowa pa Linthipe:
Mwana iwe, ku Linthipe ndi ku boma n'kutali bwanji kuti abwerere mulu wa bowa? Ndikunena chifukwa m'nyumbamo muli ana.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Amayi a pa Linthipe akunena zoona, ndipo sayansi ikugwirizana nawo. Ndelema, manyame ndi chipatwe samera paliponse ayi. Timizu tawo timalumikizana ndi mizu ya mitengo ya m'nkhalango zathu, monga mombo, tsamba, mchenga ndi msuku. Mtengo umapatsa bowa chakudya, bowa amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'dothi. N'chifukwa chake bowa wotereyu salimika m'shedi ngati wa oyisitara uja, ndipo pamene anthu awotcha makala mitengo n'kutha, nayenso amasowa. Utale, nyonzwe ndi manda nkhani yawo ndi ina, amenewo amachita kulimidwa ndi chiswe pansi pa nthaka.

Tsono paini si mtengo wakuno. Anachita kubwera nawo, ndipo mitengo yobwera imayenda ndi bowa wakewake ku mizu, amene makolo athu sanamupatse dzina chifukwa sankamudziwa. Bowa amene amapha anthu ambiri padziko lonse, wotchedwa Amanita phalloides, kwawo ndi ku Ulaya, koma anafika ku South Africa ndi ku Zimbabwe pamodzi ndi mitengo yobwera. Choopsa n'chakuti iyeyu ndi ndelema ndi a banja limodzi la Amanita. Onse amatuluka m'dothi ali ngati dzira, onse kunsi kwa chipewa n'koyera, onse ali ndi kansalu pamwendo ndi kathumba patsinde. Wakuphayo chipewa chake chimakonda kukhala chobiriwira mwachikasu, koma mvula ikamukwapula amasuluka n'kuyera. Sindikunena kuti wa m'beseniyu ndi ameneyo. Ndikunena kuti pa zithunzi ziwirizi palibe munthu pagulu pano amene angatsimikize kuti si iyeyo.

Mayi wa ku Lobi:
Aphunzitsi mwatiopseza. Koma kwathu timati ngati bowa wadyedwa ndi mphutsi kapena nkhono ndiye kuti ndi wabwino. Asisi yang'anani ngati ali ndi timabowo.

Bambo wa kwa Kachindamoto:
Apatseniko galu kaye, mudikire ola limodzi. Akapanda kusanza phikani. Kapena muwiritse, madzi oyamba mutaye.

Namwino wopuma ntchito:
Chonde chonde, malangizo awiri awa asawatsatire munthu. Nkhono ndi mphutsi zimadya bowa wakupha osamva kanthu, matupi awo si athu. Za galuzo ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa poizoni wa bowa amene aphunzitsi atchula sapweteka pomwepo. Munthu amadya bwinobwino, kugona, ndipo pamatha maola 6 mpaka 24 asanamve chilichonse. Kenako amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu amaoneka ngati wachira, abale n'kumati zatha, pomwe chiwindi chikuwonongeka m'kati. Maso akamadzayamba chikasu zinthu zafika kale patali. Paja amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Galu wanuyo pa ola limodzi adzakhala akugwedeza mchira, inu n'kupakulira ana.

Poizoni ameneyu samatha ndi kuwiritsa, kukazinga, kufutsa ngakhale kuthira soda. Chipewa chimodzi chokha chikhoza kupha munthu wamkulu, nanji mwana.

Aliyense amene wadya bowa n'kuyamba kusanza, apite kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi onse amene anadya nawo ngakhale sakumva kanthu. Mutenge bowa wotsala, makamaka wosaphika, ndipo muwauze adokotala ola limene munadya. Bowa amene amadwalitsa patapita nthawi yaitali ndi amene amaopsa kuposa wosanzitsa pompopompo. Thanzi ORS mumwetseni panjira, koma asakhale chifukwa chokhalira pakhomo.

Bambo wa kwa Kachindamoto:
Ife takula tikuchita zimenezo, tilipo mpaka lero.

Namwino wopuma ntchito:
Mulipo chifukwa amayi anu ankamudziwa bowa asanamuyike mu mphika, bambo. Galuyo ankangodya nawo ndiwo.

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Koma taonani makomenti, anthu ochuluka anena kuti ndelema. Onsewa angalakwitse?

Wophunzira za nkhalango:
Achimwene, apa si pa chisankho. Ambiri mwa amene alemba kuti ndelema angoona woyamba walemba n'kutsatira. Ine ndimayika zithunzi za zomera ndi tizilombo pa iNaturalist, kumene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amathandizana kutchula mayina a zamoyo. Kumeneko dzina limayamba kudalirika pamene oposa magawo awiri mwa atatu a omwe ayankha agwirizana, ndipo wina akatsutsa likhoza kubwereranso m'mbuyo. Komabe zithunzi za bowa zambiri zimangokhala osafika pa dzina lenileni, chifukwa mitundu ina imasiyanitsidwa ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Pa mbalame, gulugufe kapena duwa zimayenda bwino, ndipo ukalakwitsa dzina la gulugufe palibe amene agonekedwe m'chipatala.

Za Google Lens musadabwe asisi. Mapulogalamu amenewa amafanizira chithunzi chanu ndi zithunzi zimene zili kale pa intaneti, ndipo zochuluka n'za ku Ulaya ndi ku America. Bowa wa ku Dedza amangomupezera wofanana naye wa kwina.

Ngati mukufuna gulu likuthandizeni zenizeni, mwanayo abwerere mukakumbe mmodzi wathunthu ndi kamtengo, osadula. Mujambule pamwamba, kunsi kwa chipewa, mwendo wonse mpaka tsinde lili ndi dothi lake, ndi wina wamng'ono amene sanatambasuke. Pambali pake muyike bokosi la machesi kuti tione kukula. Mujambulenso mtengo umene ali pansi pake ndi masamba ake. Jambulani panja, osati ndi kuwala kwa foni, kumasintha mtundu. Chipewa chimodzi muchivundikire pa pepala ndi kapu usiku wonse, m'mawa muone ufa umene wagwa. Ukakhala wobiriwira ndi bowa uja woyera wa pa kapinga ndi m'mbali mwa makola amene amasanzitsa koopsa. Ukakhala woyera sikuti mwapulumuka, chifukwa ndelema ndi wakupha uja onse ufa wawo ndi woyera.

Agogo a ku Kasumbu (akulemba ndi mdzukulu):
Agogo akuti akuseka kuti masiku ano bowa mukufunsa foni. Akuti iwo anaphunzira akuyenda ndi amayi awo m'thengo chaka ndi chaka, kuyambira mvula yoyamba ya Disembala mpaka cha mu Malichi, ndipo mtundu uliwonse umene amayi awo sanautchule dzina unali chirombo, osaukhudza. Akutinso mayina amasiyana, ndelema yemweyo Ayao amati utenga, ndiye wina akhoza kukuuzani dzina loona koma inu n'kumva bowa wina. Akuti mwanayo ngati anakulira kumudzi akhoza kumudziwadi ndelema wa kwawo, koma thengo la eni salidziwa.

Admin:
Ndachotsa makomenti onse ongonena kuti "idyani" popanda chifukwa. Pagulu pano tikhoza kuthandizana dzina la njoka, mbalame, mtengo kapena bowa, koma palibe wololedwa kuuza mnzake kuti adye kapena amwe chinthu chifukwa cha chithunzi. Amene mukuyika zithunzi za mbozi za m'chimanga pansi pa funso ili, yambitsani funso lanu padera.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Tinabwerera ndi mwanayo masana ano, takumba awiri athunthu. Zithunzi zatsopano ndi izo. Patsinde palidi kathumba koyera, ndipo wamng'onoyo pamwamba akuoneka wachikasu mobiriwira, osati woyera ngati akuluakulu aja. Malowo ndi paini yekhayekha ndi bulugamu pang'ono. Pobwerera ndinadzera mumsika n'kuwaonetsa amayi awiri ogulitsa bowa. Mmodzi anangomutembenuza, kumuika pafupi ndi ndelema wake, n'kundionetsa kuti wake m'mphepete mwa chipewa muli timizere ngati ta chipeso pomwe wangayu n'ngosalala. Anati ndisayerekeze. Winayo sanafune n'komwe kuti ndimuyike pa thebulo pake.

Madzulo ano tidya usipa wangongole. Funso latsala ndi ili: ndimutaye kuti, poti pakhomo pali nkhuku ndi mwana wokwawa? Nanga beseni ndi mpeni zija zili bwino?

Namwino wopuma ntchito:
Ponyani m'chimbudzi chokumba kapena mukwirire mozama, osati kudzala. Beseni ndi mpeni tsukani ndi sopo, zili bwino. Kumugwira chabe sikupweteka, ingosambani m'manja. Koma mufunseni mwanayo mofatsa ngati analawako kapena kugawirako anzake amene anali nawo ku nkhuni.

Membala wobisa dzina:
Akuti iye sanalawe, koma mnzake wa nyumba ya kuseri anatengako theka la jumbo. Ndikupita komweko pompano.