Driver ya madola 600 kapena yotchipa? Ndithandizeni ndisanatumize ndalama ku Joni

Membala wa handicap 24

Akuluakulu a gofu muli pagulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndinayamba kusewera zaka ziwiri zapitazo kuno ku Lilongwe, ndipo handicap yanga, nambala yosonyeza luso la wosewera, ndi 24. Ndodo zanga zonse ndinagula pamodzi ndi chikwama chake kwa bambo wina amene ankabwerera kwawo atamaliza ntchito. Ma iron ndilibe nawo dandaulo, koma driver, ndodo yaitali yomenyera mpira kutali, ikundizunza. Dzina lake silodziwika, loft yake (kupendekeka kwa nkhope yomenyera mpira) ndi madigiri 9.5, ndipo pa shaft, mpini wake, panalembedwa S. Ndikamenya pa tee, poyambira bowo, mpira umanyamuka bwinobwino, kenako n'kukhotera kumanja mpaka m'mitengo. Loweruka lapitali ndataya mipira inayi.

Mng'ono wanga amakhala ku Johannesburg ndipo akubwera pa Khirisimasi. Wanditumizira zithunzi za TaylorMade Qi10, Ping G430 ndi Callaway Paradym, zomwe zitangotuluka kumene mtengo wake unali cha m'madola 600. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi kwa ine si yamasewera, ndi yosunga miyezi yambiri. Wandionetsanso Inesis ya ku Decathlon ndi Wilson, zotsika mtengo kwambiri. Mayi akunyumba andiuza kuti ndigule imene mtima wanga wakonda, bola ndisadzabwerenso chaka chamawa kuti ndikufuna ina. Kodi yodulayi ingandithandize mogwirizana ndi mtengo wake? Kapena timangolipira dzina?

Injiniya wa ku Limbe

Achimwene, yambani ndi malamulo. Mabungwe awiri amene amayendetsa gofu padziko lonse, R&A ya ku St Andrews ndi USGA ya ku America, anaika malire pa driver. Mutu wake sungapose 460cc. Nkhope yake, pamene pamagunda mpira, ilinso ndi malire a mmene ingakankhire mpirawo, omwe kale ankawayeza ndi COR ya 0.83. Makampani akuluakulu anafika pamalire amenewa kalekale. Choncho mukamenya mpira pakati penipeni pa nkhope, driver ya 2017 ndi ya 2024 sizisiyana mtunda mmene otsatsa malonda amafunira kuti mukhulupirire.

Pamene ndalama imagwira ntchito ndi pomwe mwaphonya pakati. Mukamenyera kunsonga kapena kufupi ndi shaft, mutu umapotoka ndipo mpira umafooka. Makampani odulawa amapepukitsa pamwamba pa mutu ndi carbon, kulemera komwe apulumutsako n'kukakuika kumbuyo ndi pansi, kuti mutuwo usamapotoke msanga. Ndi zimene amazitcha MOI. Yotchipa kwambiri, makamaka ija yobwera m'bokosi limodzi ndi ndodo zonse, nthawi zambiri imalephera pamenepa, ndipo shaft yake imakhala yosadalirika. Kusiyana kulipo ndithu, koma kuli pakati pa driver yopangidwa bwino ndi yopangidwa mwachisawawa. Pakati pa yabwino ya chaka chino ndi yabwino ya zaka zinayi zapitazo ndi pang'ono chabe.

Caddie wakale

Bwana, ine ndanyamula zikwama zaka zoposa 20. Ndaona mabwana ambiri akubwera ndi driver yatsopano yonyezimira, pa bowo loyamba lomwelo mpira n'kupita kumanja ngati dzulo. Kukhotera kumanja kumeneku, kumene timati slice, kumabwera chifukwa nkhope imakhala yotseguka pomenya, ndiye ndodoyo ikudula mpira kuchokera kunja kulowa m'kati. Ndodo yodula siichotsa zimenezo, imangochepetsako. Koma ndikuuzeni zoona, imene muli nayoyo si yanu. Loft ya 9.5 ndi shaft ya S, yomwe ndi yolimba, ndi za munthu womenya mwamphamvu. Inu mukufunika 10.5 kapena 12, shaft ya R, yofewerapo. Loft ikakwera mpira umanyamuka mosavuta ndipo sukhota kwambiri. Loweruka pemphani anzanu awiri kapena atatu akubwerekeni zawo pa range, malo oyeserera kumenya, mumenye mipira 10 ndi iliyonse. Mudzaona nokha musanatulutse ndi tambala yomwe.

Membala wa handicap 24

Zikomo kwambiri akulu. Za shaft sindinaziganizepo n'komwe, ndinkaona ngati S ndiye yabwino kuposa R. Ndiyesa Loweruka.

Namwino wa ku Leeds

Ine nditsutsanako pang'ono ndi amene akuti yodula ilibe phindu. Ndinagula yatsopano yodula ndipo sindinong'oneza bondo. Koma chinandithandiza si dzina la pamutu pake ayi, ndi fitting. Anandiika pa makina a TrackMan oyeza mmene mpira ukuulukira, ndinamenya pafupifupi ola lathunthu, akusintha shaft ndi loft mpaka tinapeza yogwirizana ndi mmene ndimamenyera. Mtengo wa driver yatsopano umamveka ngati mwadutsa mumenemo. Tsono inu achimwene simudzakhalako ku Joni. Mng'ono wanu sangakuyesereni nsapato, ndipo driver ndi chimodzimodzi. Kulipira madola 600 pa ndodo imene simunaigwirepo ndi manja anu, ine sindingakulimbikitseni.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi kugula yogwiritsidwapo kale ntchito ya kampani yodziwika. Kaunjika wa gofu alipo ndipo ndi wabwino, chifukwa kunja kuno anthu amasintha driver pakangotuluka ina. Muuzeni mng'ono wanu afunefune Ping G410 ya 2019 kapena G425 ya 2021, koma ikhale yolembedwa SFT. Imeneyo anaiika kulemera chakufupi ndi shaft kuti nkhope izitseka msanga, anapangira anthu a slice ngati inu. TaylorMade M4 ya 2018 ilinso ndi mtundu wotere wotchedwa D-Type. Zonsezi loft yake imasinthika ndi kasipanala, ndiye mukalakwitsa pogula muli ndi mpata wokonza. Mtengo umatsika kwambiri ikangopitirira zaka zitatu.

Wosewera ku Nchalo

Ndikugwirizana ndi achemwali a ku Leeds, koma samalani ndi zabodza. Ine zinandichitikira. Ndinaona driver ya dzina lotchuka pa Facebook, wogulitsa akuti yatsopano, mtengo wake theka. Pazithunzi inali yokongola. Itafika, kalembedwe ka zilembo kanali kosiyana pang'ono, grip ikununkha mphira, ndipo ikamenya inkalira ngati chitini. Patangotha miyezi iwiri nkhope inang'ambika. Wogulitsayo anali atatseka kale nambala. Ndalama ija inandipweteka mpaka lero. Mng'ono wanu akagule m'sitolo yeniyeni ya gofu imene imagulitsa zakale, monga The Pro Shop, atenge lisiti, ayang'ane serial number. Ayang'anenso pamwamba pa mutu ngati palibe mng'alu. Zokanda za pansi zilibe vuto, koma mng'alu ndiye kuti ndodoyo yatha.

Chinanso, mng'ono wanuyo asakunamizeni ndi mtunda umene iye angamenye kumeneko. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka ndipo mpira umauluka kutali. Kuno kuchigwa cha Shire ndodo yomweyo sipita choncho.

Mayi wa handicap 15

Bambo, tawerengani nane. Pa mabowo 18, driver mumaigwira mwina ka 14, chifukwa pa mabowo afupiafupi a par 3 imakhala m'chikwama. Pa handicap 24 mukumenya cha m'ma 96. Ndiye kuti kumenya koposa 80 kukuchitika ndi ndodo zina. Sindikunyoza driver ayi, mipira inayi yotayika ija ndi zilango zenizeni pa khadi lanu. Koma ine slice yanga inatha nditakumana ndi pro, mphunzitsi wa gofu wa pakalabu pathu, maulendo asanu. Anandikonza kagwiridwe, dzanja lamanzere linali lofooka kwambiri, ndiponso anandisuntha mapewa omwe ankaloza kumanzere. Ndodo ndinali nayo yomwe ija. Gawani ndalamayo pawiri. Ina igule driver yakale yabwino, ina mulipire maphunziro, ndipo muyambe maphunzirowo tsopano, Disembala asanafike, kuti pro yemweyo akuuzeni shaft yoyenera.

Injiniya wa ku Limbe

Ndiwonjezereko za Inesis ndi Wilson, popeza munafunsa. Si zabodza, ndi ndodo zenizeni, ndipo kwa munthu woyamba kumene zimagwira ntchito. Chimene chimandikayikitsa ndi tsiku limene mudzafune kugulitsa kapena kusintha shaft. Ping kapena TaylorMade yakale mudzapeza woigula ku kalabu komweko, ndipo ma shaft ake amapezeka. Yotchipa yatsopano mudzavutika kuigulitsa.

Membala wa handicap 24

Abale, mwandimasula. Dzulo ndinapita pa range, mnzanga wandibwereka G410 yake ya 10.5, shaft ya R. Mwa mipira 10, isanu ndi umodzi inagwera pamene ndikanaitcha fairway, njira ya udzu wometedwa bwino yopita ku bowo, ndipo yokhotayo sinapite kutali ngati kale. Ndalankhulanso ndi pro, tiyamba Lachinayi. Mng'ono wanga ndamuuza asiye zatsopano zija, afunefune G410 kapena G425 SFT. Funso lotsala ndi ili: iye akubwera pa basi, kudzera Beitbridge ndi Tete. Ainyamula bwanji kuti shaft isathyoke m'katundu?

Wosewera ku Nchalo

Amasule mutu ndi kasipanala kaja, aukulunge m'zovala n'kuusunga m'chikwama chimene akhale nacho pampando. Shaft ailowetse mu paipi ya PVC, atseke mbali zonse ndi nsanza ndi tepi. Asanamasule ajambule chithunzi cha pomwe panali loft kuti mudzabwezere momwemo. Ndipo atsimikize kuti kasipanalako amupatsa m'sitolomo, chifukwa zakale zambiri zimagulitsidwa kopanda iko ndipo kuno n'kosowa.