Thandizeni: mabatire a kwanga akutha pamene a mnzanga ali odzaza

Akuluakulu odziwa za sola, ndigawireni nzeru. Ndili kufupi ndi Chia kuno ku Nkhotakota. Mawaya a ESCOM sanafike kumene tili, ndiye eni mashopu asanu tinasonkherana n'kugula sola ya 24V. Inveta tinaisiya dala chifukwa zathu zonse ndi za DC, magetsi ochokera m'batire mwachindunji: mababu a LED, zotchajira mafoni, makina ometera, ndi firiji imodzi yosungiramo nsomba yomwe ili kwanga.

Mapanelo ndi mabatire zili malo awiri, kwanga ndi kwa achimwene ometa tsitsi, mtunda wa mamita 60. Mbali iliyonse ili ndi charge controller yake (kachipangizo koyang'anira kutchaja ndi kuteteza mabatire), koma zonse zimakumana pa waya umodzi wa 2.5mm.

Masana zimayenda bwino, ngakhale asodzi a usipa akabweretsa mabatire a nyali zawo kudzatchaja. Dzuwa likalowa ndi pamene mtima umawawa. Firiji ikangoyamba kulira, mababu a shopu yakumapeto amafooka moti mayi wa pamenepo amawerenga ndalama ndi tochi ya foni. Ikamakwana 9 koloko mabatire a kwanga amakhala atsika kufika 23V, controller n'kudula, pamene kwa achimwene akadali 25V. Anga ndi amene akusenza mtolo wonse, ndipo mtengo wa batire masiku ano mukuudziwa. Anthu ayamba kulozana zala.

Kodi pali njira yoti mbali ziwirizi zizigawana ntchito mofanana? Ndinamva za droop control, njira yogawanitsa ntchito pakati pa magwero a magetsi. Imatheka pa sola yaing'ono ngati yathuyi?

Mmisiri wa ku Dwangwa: Achimwene, yambani ndi waya. Mamita 60 kupita ndi kubwerera ndi 120. Pa waya wa 2.5mm, mukakoka 5A mumataya pafupifupi 4V m'njira. Firiji ili kwanu, ndiye imamwa pa batire yapafupi, ya kutaliyo siingathandize. Ikani waya wa 10mm, kutayako kutsika kufika pafupifupi 1V.

Mayi wa ku Senga Bay: Bambo, ife tinagawa mizere iwiri. Mababu ali paokha, firiji ndi zotchajira pawokha. Magetsi akachepa, controller imayamba kudula mzere wa firiji. Firijiyo timaiziziritsa kwambiri masana, usiku sititsegulatsegula.

Mmisiri wa ku Dwangwa: Za droop zija zimatheka, koma mbali iliyonse imafuna DC-DC converter, kachipangizo kosintha volteji ya DC. Mumaitchera kuti ikamakoka magetsi ambiri izitsitsa volteji pang'ono, ndiye inzakeyo imanyamula gawo lake popanda waya wolumikizira mauthenga. Mabatire anu ndi a lead-acid, aja a asidi? Musamawatsitse kupyola theka. Ndipo ndi a msinkhu umodzi?

Wofunsa: Zikomo akulu. Ndi a lead-acid, koma a kwanga ndi akale, a achimwene ndi atsopano. Ndalama zilipo za chinthu chimodzi basi mwezi uno. Tiyambe waya kapena mabatire?