Filimu ya Big Night ya 1996 ija, wolakwa ndi Primo kapena Secondo?

Nachisale88:
Anzanga amene munaonerako Big Night tandithandizeni, ine ndi alamu anga tikukanganabe mpaka pano. Amene simunaionere, ndi ya anyamata awiri apachibale ochokera ku Italy omwe anatsegula lesitilanti yawo dzina lake Paradise ku New Jersey m'zaka za m'ma 1950. Wamkulu ndi Primo, ndiye wophika, wosewera gawo lake ndi Tony Shalhoub wa mu sewero la pa TV la Monk uja, wamng'ono Secondo ndi Stanley Tucci, iyeyo ndi wogwira ndalama ndi kulandira makasitomala. Geni sikuyenda, a banki akufuna kulanda malowo, pomwe ku lesitilanti ya Pascal pafupi pomwepo anthu akuchita kudzadza chonsecho chakudya chake n'chawamba. Alamu akuti Primo ndi wamakani ndiye anagwetsa bizinesi, ine ndikuti munthu wodziwa ntchito yake musamukakamize kuphika zosalongosoka. Inu mukuti bwanji?

Mjomba_Joni:
Achemwali alamu anu akunena zoona. Kumbukirani mayi uja anaitanitsa risotto, mpunga umene amauphika pang'onopang'ono kumathira msuzi uku akutakasa, kenako akuti mundipatsenso sipageti pambali, Primo kukhitchini kuchita kulusa kuti zonsezo ndi sitachi sizidyedwa limodzi. Koma mayiyo ndalama ndi zake! Secondo atamuuza bwinobwino kuti risotto tiichotse pa menyu imadya nthawi komanso imadula, mkuluyo anangomuyankha zachipongwe za ma hot dog. Luso alinalo sindikukana, koma amene amapita kukachita manyazi kubanki ndi mng'ono wake, iye ali phee ndi mapoto.

TamaraK:
Ayi a Joni pamenepo sindikuvomera, zija n'chimodzimodzi munthu kuitanitsa nsima ndiwo yake mpunga, wophika aliyense mtima umuwawa basi. Ndipo amene anamaliza ndalama si Primo. Secondo ndi amene anakhulupirira Pascal kuti aitana woimba Louis Prima adzadye kwawoko kuti malowo atchuke, mpaka kutapa ndalama zotsala zonse kugulira zaphwando, pomwe Pascal yo sanamuimbire n'komwe foni, ankangofuna agwe kuti adzamugwirire ntchito. Komanso Secondo yemweyo ali ndi chibwenzi chake Phyllis koma akuzemberanso Gabriella mkazi wa Pascal, ndiye mukuti wanzeru ndi ameneyo? Usiku umenewo amene anagwira ntchito yooneka ndi Primo, taonani timpano ija, chimtanda chachikulu ngati ng'oma m'kati atadzadzamo pasta, nyama, mazira owiritsa ndi tchizi, akuchivundukula onse awiri atagwira mpweya kuopa kuti chiphwasuka, kuchisisita m'mbali, alendo anadya mpaka ena kugona patebulo.

MaiWaChifundo:
Ine ndimagulitsa zakudya ndi mkulu wanga ndiye filimuyi inandikhudza kwambiri. Anthu awiriwa nkhani yawo si risotto ayi, wina mtima uli kumudzi wina anatsimikiza kuti sabwerera. Primo amalume awo amupezera kale malo ku Rome, Secondo maso ali pa Cadillac ndi moyo wa ku America, ndiye aliyense akuona ngati mnzakeyo akumukokera m'mbuyo. Pomenyana kumchenga kuja ndinaseka koma misozi ikutuluka, amuna aakuluakulu kugubuduzana ngati ana, chifukwa mbale wako ndi amene amadziwa pokubaya penipeni. Kwathu kuno mkulu wanga akaphika safuna ndimuuze kuti mafuta akwera mtengo achepetseko, ineyo ndikawerengera ndalama madzulo ndi amene ndimasowa tulo, koma iye atangochoka lero makasitomala onse atha, ndipo ine nditachoka malowo satha mwezi. M'mawa mwake Secondo kukazinga mazira osayankhula kanthu n'kugawa patatu, iye, wantchito wawo Cristiano ndi mbale ya Primo, zimene zija ndi zoona, ife timagwirizananso choncho popanda wopepesa.

Nachisale88:
Mayi mwanena zomveka, koma ine ndikadali kwa Primo. Alamu akuti tiionerenso Loweruka ndi ana omwe, ilibe vuto?

TamaraK:
Ana aang'ono ayi achemwali, muli kutukwana kwambiri makamaka Pascal, komanso za Gabriella zija. Dikirani agone kaye, ndipo mudyeretu chifukwa njala imakupwetekani pakati pa filimu.