Titani kuti ana oyamba kumene asagwe ulesi pa mpikisano wa tindege toyendera mphira?

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Makolo ndi aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Teremu yathayi kalabu yathu ya sayansi inachititsa mpikisano woulutsa tindege toyendera mphira m'holo, ndipo wopambana anali amene kandege kake kakhalitsa m'malere. Ana ambiri anapanga tawo ndi mapesi a chimanga, nsungwi zopala ndi majumbo, mphira yake n'kudula ku chubu chakutha cha njinga, ndipo tinkagwa pasanathe masekondi 15. Koma mnyamata wina wa Fomu 3, amene amalume ake anamubweretsera timatabwa ta balsa, mtengo wopepuka kwambiri, ndi mphira yeniyeni kuchokera ku Johannesburg, kake kanazungulira kunsi kwa denga kupitirira mphindi imodzi ndi theka, holo yonse ili zii. Sabata yotsatira ana a Fomu 1 anachepa kukalabu, ndipo mtsikana wina anandiuza poyera kuti palibe chovutikira popeza wopambana amadziwika kale. Kodi ndimuletse mnyamatayu kupikisana nawo? Mtima wanga ukukana, chifukwa sanabere aliyense ndipo kandegeko anamata yekha.

Bambo wa ku Luchenza:
Aphunzitsi, mwanayo musamuletse. Chofunika kukonza ndi lamulo. Bungwe la FAI, lomwe limayang'anira masewera a ndege padziko lonse, linagawa tindege ta m'nyumba m'magulu. Gulu la akatswiri ndi F1D, limene mpikisano wake wa dziko lonse wachitikapo kangapo mumgodi wa mchere ku Slănic m'dziko la Romania, kumene kulibe mphepo, ndipo tindege take timauluka kupitirira mphindi 20. Oyamba kumene ali ndi gulu lawo la F1M: mapiko asapitirire masentimita 46, kandege kasapepuke kuposa magalamu 3 kopanda mphira, ndipo mphirayo isalemere kuposa galamu 1.5. Nzeru yagona pa malire a kupepukawo. M'masewera amenewa kandege kopepuka ndiko kamakhalitsa m'mwamba, choncho mukanena kuti aliyense afike pa kulemera kwakutikwakuti, mwini balsa amakakamizika kumata kadongo kuti akwanitse muyeso, ndipo mwayi wa zipangizo zake zodula umachepa. Inu yesani tindege ta mapesi zingapo, muone pamene ambiri akufika, malire muike pamenepo. Ngati sikelo ya mulabu siyeza zinthu zopepuka chotere, kumbukirani kuti pepala limodzi la A4 la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) limalemera pafupifupi magalamu 5. Lula yoikidwa pa pensulo imasanduka sikelo.

Mayi wa ku Limbuli:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Luchenza, koma ndikuona kuti vuto lalikulu alisiya. Chimene chinagonjetsa ana anu, aphunzitsi, ndi mphira kuposa thabwa. Machubu ambiri a njinga amapangidwa ndi mphira ya butyl, yomwe ntchito yake ndi kusunga mpweya, ndipo ukaipota siibweza mphamvu zambiri. N'chifukwa chake pulopela imangozungulira mwaulesi n'kuima. Timphira tomangira ndalama tija, tolumikizidwa ngati unyolo, timachita bwino kuposa chubu. Gulani paketi imodzi ndi ndalama za kalabu, mugawe nokha m'mawa wa mpikisano, aliyense chiwerengero chofanana, ndipo mphira yochokera kunyumba isalowe m'holo. Muwapatsenso gilisalini wosakaniza ndi sopo pang'ono kuti apake, chifukwa mphira youma imaduka msanga ikapotedwa kwambiri. Mafuta odzola a Vaseline ayi, amaononga mphira.

China chimene ndinachiona ndi maso mwana wanga akupikisana pasukulu ina kuno: ana aakulu anaulutsa m'mawa, mpweya uli bata, ndipo aang'ono anapatsidwa masana malata atatentha, anthu akulowa ndi kutuluka pakhomo. Kandege ka mwana wanga kanakwera bwino ndithu, koma wina atatsekula chitseko kanakankhidwira pa mtanda wa denga n'kukodwa pomwepo, mpaka tinakatsitsa ndi nsungwi phiko litang'ambika. Muchite maere pa ndondomeko youlutsira, mutseke zitseko ndi mawindo, makamaka m'miyezi ya chiperoni, ndipo mwana aliyense aulutse maulendo angapo. Ku F1D amaulutsa kasanu ndi kamodzi n'kuwerengera maulendo awiri abwino koposa, kuti tsoka la ulendo umodzi lisaweruze munthu.

Bambo wa ku Luchenza:
Za mphira mwanena zoona, mayi, ndavomera. Komabe tisadzinamize kuti malamulo adzafananitsa ana onse. Mnyamata wa Fomu 3 uja, ngakhale mumupatse mapesi, akhoza kupambanabe, chifukwa waphunzira kale kupinda phiko pang'ono kuti kandege kazizungulira m'malo mokagunda khoma, ndiponso akudziwa pamene mphira yakhuta. Luso limenelo silolanda. Chabwino n'chakuti amene wapambana kawiri azikwezedwa kupita ku gulu lomasuka, kumene balsa ndi yololedwa, ndipo gulu la oyamba likhale la amene sanapambanepo.

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba malire a kulemera, mphira ya paketi imodzi, maere ndi magulu awiri. Ndawonjezapo kuti tindege ta gulu la oyamba tizipangidwira kukalabu ine ndikuona, popeza ena anabwera ndi ntchito yooneka kuti ndi ya manja a abambo awo. Changotsala chimodzi: gulu lomasukalo pakadali pano muli mwana mmodzi yekha. Ndikuganiza zomupempha kuti Lachitatu azithandiza a Fomu 1 kukonza mapiko, ndipo pa tsiku la mpikisano azipikisana ndi nthawi yake yakale. Bambo a ku Luchenza, kodi mapiko a mapesi angapirire pa masentimita 46, kapena tiyambire pa 35?