Kodi malamulo a nkhondo amalimanga bwanji gulu ngati M23?

Nankungwi_wa_Mafunso: Akuluakulu, ndithandizeni. M23, gulu la zigawenga la kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo (DRC), si boma, ndipo sidasaine mapangano anayi a ku Geneva a 1949, okhudza malamulo a nkhondo. Nanga pamene inkalanda mzinda wa Goma mu Januwale 2025, ndi lamulo liti linkaimanga? Ndipo kupha asilikali athu a Malawi amene adapita ndi SADC, ndi mlandu wa nkhondo?

Mlonda_Wa_Malamulo: Mayi, kusaina kulibe nazo ntchito. Ndime 3, yomwe ili m'mapangano onse anayi, imamanga mbali iliyonse imene ikumenya nkhondo m'kati mwa dziko. Pa mlandu wa Tadić mu 1995, khoti la ICTY, lomwe UN idakhazikitsa kuti lizenge milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia wakale, lidaika zoyezera ziwiri zodziwira nkhondo yotere: gululo likhale ndi dongosolo lenileni la utsogoleri, ndipo kumenyanako kukhale kwakukulu ndi kokhalitsa. Zipolowe za mumsewu sizilowamo. Protocol II ya 1977, yowonjezera pa mapangano a ku Geneva, yomwe DRC idalowamo mu 2002, imafunanso kuti gululo lizilamulira dera lina, ndipo M23 ikulamuliradi.

Choncho iwo saloledwa kupha amene waika mfuti pansi kapena wavulala, kuzunza ogwidwa, kugwira anthu ngati chikole, ngakhale kunyonga munthu popanda khoti loyenera. Koma ndime 3 yomweyo imatsiriza ndi kunena kuti izi sizisintha udindo wa gululo pamalamulo. Silisanduka boma ayi.

Che_Phiri_Zomba: Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Msilikali wa dziko akagwidwa pa nkhondo ya mayiko awiri, ndi mkaidi wa nkhondo, sazengedwa mlandu chifukwa chongomenya nkhondo. Wa M23 alibe chitetezo chimenecho. Boma la Kinshasa lingamuimbe mlandu woukira ngakhale adawombera asilikali okhaokha. Vuto lake ndi loonekeratu: munthu amene akudziwa kuti ndende ikumudikira mulimonsemo, n'chiyani chingamukope kuti asamale anthu wamba? N'chifukwa chake ndime 6 ya Protocol II imalimbikitsa maboma kukhululukira omenya nkhondo ikatha, ngakhale akatswiri ambiri amati chikhululukirocho sichikhudza ochita milandu ya nkhondo. Mwachitsanzo, Bosco Ntaganda, yemwe adali mtsogoleri wa zigawenga ku DRC, adalamulidwa ndi khoti la dziko lonse la ICC kukhala kundende zaka 30 mu 2019 pa zimene adachita m'dera la Ituri mu 2002 ndi 2003.

Mlonda_Wa_Malamulo: Funso lanu lachiwiri ndi lopweteka, Mayi. Pangano la ku Rome, lomwe lidakhazikitsa ICC, pa ndime 8, limati kuukira osungitsa mtendere ndi mlandu pokhapokha ngati akadali ndi chitetezo cha anthu wamba. Asilikali a SADC adatumidwa mu Disembala 2023 kukathandiza gulu lankhondo la DRC kulimbana ndi zigawenga, ndipo amene walowa m'kumenyana chitetezo chimenecho chimamuchokera. Komabe msilikali wathu akavulala kapena kugwidwa, kumupha ndi mlandu wa nkhondo popanda kukayika.

Che_Phiri_Zomba: Musaiwalenso za Rwanda. Akatswiri a UN adalemba kuti asilikali ake ali kum'mawa kwa DRC limodzi ndi M23. Ngati amenyana ndi asilikali a DRC, imeneyo ndi nkhondo ya mayiko awiri, ndipo mapangano onse anayi amagwira ntchito athunthu pakati pawo.